Migolo yanga inkaipitsa zithunzi, eti?

 Lero nkhani yanga ndi yaitali ndithu, wa bandulo yochepa adzaiwerenge mawa. Ndakhala nayo kukhosi nthawi yaitali. Mayi a kunyumba andiletsa kangapo, akuti musalembe bambo, muyambanitsa abale. Koma dzulo madzulo ndaona mitambo yayamba kusonkhana, nde ndati ayi, mvula isanagwe ndiyankhule. Sinditchula dzina la munthu. Mwini nkhani adzidziwa yekha.

Mu Meyi 2024 tinali ndi chinkhoswe cha mwana wathu wamkazi pakhomo pano. Ambiri a inu munabwera, munadya, munavina. Chimene simukudziwa ndi chimene chinachitika dzulo lake. Ine anandituma ku Chileka kukalandira mnyamata wathu wochokera ku Johannesburg. Ndinanyamuka m'mamawa, ndinasiya migolo isanu ndi umodzi ili ndendende pansi pa denga, madzi a mvula yomaliza. Pobwera madzulo ndinapeza pabwalo pali matope ngati kwagwa mvula. Migolo inayi aigubuduza, aikabisa kuseri kwa khola la mbuzi. Iwiri inapulumuka chifukwa amayi ophika anaikaniza. Nditafunsa, alamu anga a m'tauni anandiyankha akumwetulira: "Alamu, zimigolo zanuzi zikanaipitsa zithunzi. Kubwera alendo aulemu mawa."

Ndinangoti chete. Paja ine pano ndi mkamwini, ndipo mkamwini sakweza mawu tsiku la chisangalalo. Koma mumtima ndinkawerenga. Mgolo umodzi ndi malita 200. Migolo inayi ndi malita 800. Ndowa za malita 20 zokwana 40 zinathera m'dothi la pabwalo kuti anthu ajambulitse bwino. Chaka chake chiti? Chaka cha ng'amba chomwe chija, pamene mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya chilala. Chimanga chathu chinali chitapserera m'munda. Chiyembekezo changa chinali pa nazale ya tomato ndi timabedi ta mpiru kuseri kwa nyumba. Alendo atapita, mayi a kunyumba anayamba kudzuka tambala woyamba kukaima pamzere ku mjigo, kutunga akumwa, ophikira, osamba, kuwonjezanso a dimba. Anayesetsa masabata atatu, khosi linakana. Nazale inauma. Madzi akatayika saoleka.

Zithunzi zinatuluka zokongola, sindikana. Ndili nazo m'foni muno.

Tsopano ndinene chilungamo, poti ndikapanda kutero munena kuti mkuluyu wangodzala ndi mkwiyo. Alamu aja sanalakwe zonse. Migolo yanga inali yonyansa. Dzimbiri mbali zonse, wina wopindika pakamwa, wina wotsamira pa mwala ngati woledzera. Ngalande yolandira madzi padenga inali lata lakale lomangidwa ndi nsanza ndi luzi. Pamwamba ndinkangovindikira ndi masaka ong'ambika. Pansi pake panali ndere ndi matope, abakha nkumasamba pomwepo. Munthu wobwera kumene akanaganiza kuti ndi pa dzala. Ndinakhala masiku ndikulingalira, ndipo ndinazindikira chinthu chimodzi: chinthu chimene mwini wake sachisamala maonekedwe, anthu ena amachiyesa zinyalala. Akanapeza nkhokwe yomatidwa bwino pabwalo sakanaigwetsa. Akanapeza mtsuko wa agogo pakhonde sakanautaya. Anataya madzi anga chifukwa ine mwini ndinawasunga ngati chinthu chochititsa manyazi.

Koma kuvomera kwanga kuthere pomwepo. Chotsalacho ndi mlandu wanu, ndipo ndi mlandu wa tonse.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma masamu awa alangizi a zaulimi anatiphunzitsa pansi pa mtengo ndipo sanandivute. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pamenepo pagwa lita imodzi ya madzi. Denga langa ndi mamita 8 kwa mamita 6, kuchulukitsa ndi 48. Kuno chaka chabwino mvula imafika mamilimita 800, mwinanso kuposa. 48 kuchulukitsa ndi 800 ndi malita 38,400. Migolo 192. Ndowa 1,920. Mayi wotunga ndowa zisanu patsiku, chaka chathunthu chimatha asanamalize kusenza madzi amene denga la nyumba yake yomwe limataya m'miyezi isanu. Ngakhale muchotsepo otayikira m'mbali ndi a mvula yoyamba, otsalawo ndi ambiri zedi. Mvula ya usiku umodzi yokha ya mamilimita 25 imadzaza migolo yanga yonse isanu ndi umodzi.

Nde tandiuzani, anthu a Mulungu. Madzi abwera okha mpaka pamutu pathu, opanda bilu, opanda mzere, opanda kukangana ndi munthu. Ife tikuwayang'ana pawindo akupita. Ikakwana Ogasiti tikutuma mkazi ndi mwana wamkazi kukawasaka komwe anathawira. Nzeru zimenezi ndi za kuti?

Dzina la kwathu kuno lomwe likutiseka. Madziabango. Amene anatcha dzinali anaona madzi, anaona bango. Pitani lero m'makhwawa mu Okutobala mukaone ngati mupeze chimodzi mwa ziwirizi osafukula mchenga. Mitengo tinaotcha makala nkukagulitsa kwa inu omwe a m'tauni pa njinga. Mapiri anatsala mbee. Mvula ikagwa palibe choigwira, imathamanga tsiku limodzi kutsetsereka kunka ku Shire, ife nkutsala ndi fumbi.

Ndiyambe ndi inu anansi. Zaka zimenezi ana athu a ku South Africa ndi a m'tauni atimangira nyumba za malata, tikuthokoza. Mudzi wawala. Koma yendani muwerenge nyumba zimene zili ndi ngalande ya padenga. Zala za dzanja limodzi sizitha. Denga la udzu linkagwetsa madzi pang'onopang'ono. Lata silichedwa, madzi onse amatsika nthawi imodzi ngati atsanulidwa mu ndowa. Amayamba kukumba m'mphepete mwa maziko a nyumba yanu yomwe, kenako amadutsa pabwalo, kukokolola dothi, nkukalowa m'njira. Akakumana ndi a denga la mnzanu, ndi a mnzake winanso, basi mtsinje wabadwa. Njira yathu yopita kumanda ija inali yodutsa ngolo. Lero ndi chigwembe chofika m'chiuno, ndipo nonse munaona mmene adzukulu anavutikira kuolotsa bokosi dzinja lathali. Tinaima pamenepo nkumati boma litithandize. Boma liti? Chigwembe chimenecho tinakumba ndife, ndi madenga athu.

Sindikunena kuti mgolo ukanaletsa namondwe wa Freddy. Zimene zinachitika mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche nkukwirira anthu ku Chilobwe, zinali zoposa mphamvu ya munthu, ndipo ambiri tinataya abale. Koma taonani mmene zaka ziwirizo zinatsatirana. 2023 madzi ochuluka mpaka kupha anthu. 2024 madzi osowa mpaka kupha mbewu. Amene sanaphunzirepo kanthu pamenepa adzaphunzira liti? Mvula ya masiku ano siyendanso ndi kalendala ya makolo athu. Imabwera yaukali, imapita msanga, pakati nkusiya ng'amba ya masabata atatu mu Januwale kapena Febuluwale. Munthu wanzeru amaigwira tsiku limene yabwera.

Ena mumati tidikire mabungwe adzatimangire mathanki. Dikirani. Bungwe likabwera limamanga thanki imodzi pa sukulu kapena pa chipatala, lajambula, lapita. Pakhomo panu silidzafika. Ndipo chinthu chopatsidwa chikang'aluka timadikiranso mwini wake adzamate. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mgolo umodzi pansi pa lata lero uposa thanki ya m'maloto.

Tsopano inu a m'tauni. Ndimakukondani, ndipo thandizo lanu timaliona. Koma ndalama zanu zimadziwa njira zitatu zokha: bokosi la maliro, penti ya kutsogolo kwa nyumba, ndi zakumwa za pa Khirisimasi. Mukamanga nyumba ya amayi kumudzi mumafunsa za matailosi, za makatani, za mtundu wa malata kuti aoneke ali pamsewu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamumva akufunsa mmisiri kuti madzi a padengali azipita kuti. Nyumba yonyezimira, mwini wake gogo wa zaka 70 akukoka chigubu kuchokera ku mjigo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chondidabwitsa nchakuti inu nomwe mumasunga madzi kuposa ife. Ndinagonapo kwanu. Kubafa kuli ndowa, kukhitchini zigubu, kuseri kwa chitseko mabotolo. Mumadziwa bwino kuti madzi ambiri a mu mzinda wa Blantyre amachokera kutali ku Walker's Ferry mu Shire, amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera nawo mtunda wonse uja. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 munaona nokha mmene magetsi anavutira. Ndiye kuti kusunga madzi mumakudziwa, kungoti mumabisa. Mwaika m'mutu kuti mgolo ndi chizindikiro cha umphawi. Koma mabwana a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside akaimika thanki yobiriwira pamwamba pa zitsulo mumati ndi chitukuko. Kusiyana kwake nkotani? Mtengo wake basi. Ntchito ndi imodzi.

Malume anga, malemu, anagwira ntchito zaka zambiri ku mgodi wa Shabanie ku Zvishavane m'dziko la Zimbabwe, monga anachitira Amalawi ambiri nthawi imeneyo. Ndi iwo anayamba kundiuza za mlimi wa kumeneko, Zephaniah Phiri Maseko. Mkuluyu anachotsedwa ntchito ya njanji chifukwa cha ndale m'nthawi ya atsamunda, nabwerera kumudzi pa malo ouma, a miyala. M'malo molira anayamba kukumba maenje ndi ngalande, kumanga timipanda ta miyala m'munsi mwa thanthwe, kuti dontho lililonse lotsika lilowe m'nthaka yake. Iye ankati akubzala madzi. Poyamba akuluakulu a boma ankalimbana naye, pambuyo pake anthu ankachoka m'maiko akutali kudzaphunzira pamunda pake. Anamwalira mu 2015. Malo akewo mvula yake ndi yochepa kuposa ya kuno. Ngati zinatheka ku Zvishavane, ife a ku Madziabango tinamizira chiyani?

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, poti mwandiuzapo kale pa bawo.

Mumati migolo imaswetsa udzudzu. Zoona, mgolo wosavindikira umaswetsa udzudzu, chimodzimodzi zithaphwi zimene denga lanu lopanda ngalande limasiya pabwalo, ndi maenje a njerwa amene simunakwirire. Mankhwala ake ndi chivindikiro. Pakamwa polowera madzi mangani kansalu ka neti yakale yong'ambika, osati yatsopano yogonamo ayi, imeneyo ndi ya ana. Udzudzu ukasowa polowera suikira mazira. Chivindikirocho chikhale cholemera kapena chomangidwa ndi waya, chifukwa ngozi yeniyeni ya mgolo ndi mwana wamng'ono wosuzumiramo. Pamenepa sindiseka.

Mumati madzi a padenga ndi akuda. Mvula yoyamba, inde. Imatsuka fumbi la chilimwe chonse, zitosi za mbalame ndi za abuluzi. Imeneyo isiyeni ipite ku nthochi. Ndipo ine ndikukamba za madzi a dimba. Ofuna kumwa awiritse kapena athire mankhwala a klorini. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Sindingauze munthu kuti amwe madzi osatetezedwa. Komanso musagule mgolo umene munali mankhwala a mbewu kapena zinthu zosadziwika. Nunkhizani, funsani, tsukani.

Mumati madzi a mu mgolo sangafike Okutobala. Apa mwanena zoona, ndipo amene angakuuzeni kuti migolo iwiri ithirira dimba chilimwe chonse akukunamizani. Migolo yanga isanu ndi umodzi ndi malita 1,200. Pa malita 40 patsiku ndi mwezi umodzi basi. Ntchito ya mgolo ndi kupulumutsa nazale pa ng'amba ya pakati pa dzinja, ndi kukupatsani poyambira mvula ikangosiya. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chimawonjezerako pang'ono. Wofuna kufika Okutobala amange thanki, achepetse dimba, aphimbire nthaka. Ndi zimene ndinachita ine.

Chinkhoswe chitapita ndinagulitsa mbuzi ziwiri. Mayi a kunyumba anatenga ngongole ku banki mkhonde. Njerwa ndinaumba ndekha. Simenti inali itakwera kale mtengo kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde tinkagula thumba limodzilimodzi mpaka anakwana 9. Mmisiri ndi wa m'mudzi momwe muno. Tinamanga thanki yozungulira ngati nkhokwe, mamita 2 m'mimba mwake, msinkhu wofika pa phewa langa. Imalowa malita pafupifupi 5,000. Tinaizunguliza waya tisanapake pulasitala kuti isang'aluke, m'kati tinapaka kawiri nkusalaza bwino, ndipo tinaithirira madzi masabata awiri kuti simenti ikhwime pang'onopang'ono. Amene amathamangira pamenepa ndi amene thanki zawo zimadontha. Pamwamba tinatseka, nkusiya kachitseko ka loko kolowera potsuka. Mpopi uli m'munsi, nawonso wa loko, paja ana ndi ana.

Dimba langa ndi laling'ono dala. Mabedi anayi, lililonse mita imodzi kwa mamita atatu. Mpiru, repu, anyezi, tomato pang'ono, m'mbali bonongwe womera yekha. Ndinathira manyowa a khola ambiri, pamwamba nkuphimbira ndi udzu wouma kuti dzuwa lisamwe madzi anga. Ndimathirira madzulo okha, makheni anayi a malita 10, patsinde penipeni, osati kumwaza ngati ndikuzimitsa moto. Malita 5,000 kugawa ndi 40 ndi masiku 125, miyezi inayi. Kuwonjeza mwezi wa migolo ija, isanu. Madzi otsukira mbale ndi a kubafa ali ndi kangalande kawo kopita ku nthochi ndi mapapaya. Thanki ikadzaza, osefukira amapita m'dzenje limene ndinakumba kumunsi, m'mbali mwake ndinabzala vetiva ndi nzimbe. Kuchokera padenga langa palibenso dontho lopita m'njira ya kumanda.

Chilimwe chino pakhomo pano sitinagule masamba ngakhale tsiku limodzi. Otsala mayi amagulitsa pakhomo pomwepa, ndipo ngongole ya banki mkhonde inathera mu mpiru womwewo. Mu Okutobala ife timathyola tomato kuseri kwa nyumba. Mayi a kunyumba amapitabe ku mjigo, koma kukatunga akumwa ndi ophikira okha. Funsani iwowo za khosi lawo, asakuuzeni ine.

Tsopano za kukongola, poti ndi pamene panayambira mlandu. Ndinalumbira kuti palibenso munthu adzagubuduze madzi anga chifukwa cha zithunzi. Migolo ija ndinaipala dzimbiri ndi mchenga, nkuipaka penti yobiriwira yonse mtundu umodzi. Ndinaimangira kachiunda ka njerwa kofika m'mawondo, kowongoka ndi chingwe, kuti ikhale pamzere ngati ana a sukulu ndiponso kuti kheni izilowa pansi pa mpopi. Ndinailumikiza ndi paipi m'munsi, woyamba ukamadzaza enawo akudzazanso. Ngalande ya padenga ndinakhomera pa thabwa mowongoka, yopendekera pang'ono kumene kuli thanki, nsanza zonse ndinachotsa. Pansi pa mpopi ndinayala timiyala kuti pasakhale matope. Kutsogolo kwa migolo ndinaimika kampanda ka bango lolukidwa, ndinachita kukaligula kutali poti kwathu kuno latsala dzina lokha. Kampandako kamaletsa dzuwa, madzi satentha, penti sisuluka msanga. Pamenepo ndinayanzika magalagadeya ndi nkhungudzu. Maluwa tikuona, zipatso tikudya, ndiwo tikuthyola.

Thanki ija ndinaisiyira mayi a kunyumba ndi ana aakazi. Anaipaka laimu, m'munsi nkuzunguliza lamba wa dothi lofiira, pamwamba timizere tokhotakhota tonga timene agogo ankalemba pakhosi pa mtsuko. Mvula ikasukulutsa amabwerezanso, monga amachitira pozira khonde. Zonsezi ndalama yake siyifika ngakhale ya kireti imodzi ya zakumwa za pa chinkhoswe.

Ndipo apa ndi pamene ndimadabwa nafe. Kukongoletsa chosungira si nzeru yochokera kunja. Makolo athu sankasunga chinthu cha mtengo wapatali m'chonyansa. Nkhokwe inkaima pabwalo poonekera, yolukidwa bwino, denga lake losongoka, ndipo mlendo ankadziwa ulemu wa pakhomo poyang'ana nkhokweyo. Mtsuko wa madzi akumwa unali ndi malo akeake, wopakidwa bwino, chikho chake choyera pamwamba. Palibe amene ankabisa nkhokwe kukabwera alendo. Tinayamba liti kuchita manyazi ndi chuma chathu? Thanki ndi nkhokwe ya madzi. Iime poonekera, ndipo ikhale yoti munthu akaiona asirire.

Ndikunena izi chifukwa ndaona mmene mtima wa munthu umayendera. Pamene migolo yanga inali yadzimbiri, zaka zinayi zathunthu palibe mnansi ndi mmodzi yemwe anatengera. Ankangoti mkulu uja ndi wa zinyalala. Chimangireni thanki yopaka laimu, makomo atatu abwera kudzayeza ndi chingwe, ndipo limodzi layamba kale kuumba njerwa. Masamu a malita aja ndinkawauza kuyambira kale, sankamva. Maso ndi amene anawatembenuza. Tsono amene mukusunga kale madzi m'zimigolo zotsamira pa miyala, musanyade kuti ndinu ochenjera. Mukuthawitsa anzanu. Konzani pamalopo.

Alamu aja anabweranso mu Ogasiti chaka chino kudzaona amayi awo. Nditatuluka m'nyumba ndinawapeza aima pafupi ndi thanki, dzanja limodzi pa magalagadeya, mwana akuwajambula. Anajambulitsa katatu, kusintha mbali. Pobwerera ananyamula mpiru wodzaza jumbo ndi tomato wa m'mbale. Sindinanene kanthu, paja ndine mkamwini. Ndanena lero.

Pempho langa ndi ili. Inu a m'tauni, Disembala ikubwerayi musanagule zakumwa ndi nsalu, imbirani kumudzi mufunse ngati denga la amayi lili ndi ngalande. Ngati mulipo ana anayi, sonkhani. Wina mgolo, wina paipi ndi mpopi, wina matumba awiri a simenti, wina alipire mmisiri. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu inayi ingalephere ngalande yake? Mukamanga nyumba yatsopano, thanki ilowe mu pulani tsiku loyamba, osati zotsala.

Inu anansi, musadikire thanki. Yambani ndi chimene chilipo. Lata limodzi lakale lopindidwa bwino, mgolo umodzi, chivindikiro. Wopanda mgolo akumbe dzenje kumene madzi a padenga amathera, abzalepo nthochi, bola madziwo asatuluke pakhomo pake. Ndipo a mfumu, ndi ulemu wonse, nkhani ya chigwembe cha njira ya kumanda ikambidwe pabwalo mvula isanayambe. Tikakwirira ndi miyala koma madenga akutsanulirabe momwemo, tidzakwiriranso chaka chamawa.

Loweruka likubwerali masana ndikhala ndikutsuka thanki ndi kuchotsa masamba mu ngalande, kukonzekera mvula yoyamba. Wofuna kuona abwere ndi kope ndi chingwe choyezera, ndimuonetsa zonse ulere, ndi mmisiri ndimulozera. Wofuna kutsutsa abwerenso, mpando ulipo, tidzawerengera limodzi denga la nyumba yake.

Alamu, ndinakhululuka kalekale, musadandaule. Koma ndowa 40 zija zikadali m'kope. Mukamabwera pa Khirisimasi, mgolo umodzi wa pulasitiki ukwana kumbuyo kwa galimoto. Penti ndili nayo.